Zimene amayi ankagula mosatchula dzina m'masitolo akale a mankhwala ku America

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumadutsa zithunzi za malonda akale a ku America zimene zimasiya munthu kukamwa kuli yasa. Chimodzi chimaonetsa mayi ataima pakhomo lokhoma, mwamuna wake ali mkati, ndipo mawu a m'munsi akumuuza kuti banja lake likugwa chifukwa sadzisamalira kumaliseche. Mankhwala amene akumulangiza kugula ndi Lysol, yemweyu amene lero anthu amatsukira zimbudzi ndi pansi. Ambiri akaona amafunsa ngati chithunzicho n'chongopanga pakompyuta. Ayi, n'chenicheni. Malonda oterowo ankatuluka m'magazini a amayi kuyambira zaka za m'ma 1920 mpaka za m'ma 1950, ndipo botololo linkapezeka pashelefu limodzi ndi mapadi, malamba a m'chiuno ndi mankhwala a cham'mimba.

Kuti timvetse katundu ameneyu, tiyambe ndi sitolo imene ankagulitsidwamo. Anthu a ku America amaitchula kuti drugstore. Inali famase, koma yogulitsanso sopo, mafuta odzola, maswiti, nyuzipepala ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Masiku amenewo wogula sankadzitengera yekha katundu ngati mmene timachitira m'masupamaketi. Ankaima pakauntala n'kutchula chimene akufuna, ndipo womutumikira nthawi zambiri anali bambo, mwinanso wodziwana ndi mwamuna wake kapena wopemphera naye tchalitchi chimodzi. Pambali pakhala anyamata akumwa soda. Mayi amene ali kumwezi ankayenera kutsegula pakamwa pamaso pa onsewa. Dzina la katundu, maonekedwe a bokosi, ngakhale mawu a pamalonda, zonse zinkapangidwa poganizira mphindi imeneyi.

Mapadi asanabwere

Kwa zaka mazanamazana amayi a ku America ndi ku Ulaya ankachita zimene agogo athu ankachita ndi nyanda: kupinda kansalu kakale, kukavala, kukachapa ndi kukayanika pobisika. Cha m'ma 1880 kampani ya Southall ya ku Birmingham, ku England, inayamba kugulitsa mapadi ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Ku America, kampani ya Johnson & Johnson inatulutsa ake otchedwa Lister's Towels chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, koma sanayende malonda. Vuto silinali katunduyo ayi. Panalibe njira yovomerezeka youzira anthu kuti alipo, ndipo amayi sankalimba mtima kukamufunsa.

M'mabuku a malonda a nthawi imeneyo, monga a Sears, munkapezekanso epuloni ya labala yovala kumbuyo, mkati mwa siketi, yoteteza kuti magazi asafike pachovala kapena pampando. Inkatentha, inkasunga fungo, koma inkagulidwa.

Kotex: bandeji ya kunkhondo yasanduka padi

Zinthu zinasintha ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kampani ya mapepala ya Kimberly-Clark, ya ku Neenah m'chigawo cha Wisconsin, inkapanga chinthu chofewa ngati thonje kuchokera ku mitengo yogayidwa. Anachitcha Cellucotton. Chinkamwa magazi kuposa thonje lenileni komanso chinali chotsika mtengo, choncho asilikali ankachigwiritsa ntchito pomanga mabala. Anamwino amene ankagwira ntchito ku France anaona kuti chinthu chomwechi chimawathandiza akakhala kumwezi. Nkhondo itatha mu 1918, kampaniyo inatsala ndi katundu wambiri wopanda msika, ndipo nzeru ya anamwino ija ndi imene inabereka Kotex mu 1920.

Dzinalo analifupikitsa kuchokera ku mawu awiri a Chingelezi otanthauza kufewa kwa thonje. Linali lalifupi, losavuta kutchula, ndipo silinkaulula kanthu kwa munthu woima pambali. Kampaniyo inafika mpaka pokhazikitsa kampani ina yapadera yogulitsira mapadiwa, kuti dzina la Kimberly-Clark lisadetsedwe ngati malonda atakanika. Bokosi la mapadi 12 linkagulitsidwa masenti 60, ndalama yosachepa kwa mayi wogwira ntchito m'fakitale nthawi imeneyo. Ndiye chifukwa chake nsalu zochapa sizinathe msanga m'mabanja osauka.

Eni masitolo ambiri poyamba ankakana kuika mabokosiwa poonekera. Njira imene inathandiza inali yosavuta: kukulungiratu bokosi lililonse m'pepala lopanda mawu, kuunjika mabokosiwo pakauntala, n'kuika kabokosi koponyamo ndalama pambali. Mayi ankangoponya makobiri ake, kunyamula phukusi, n'kutuluka osayankhula ndi munthu. Olemba mbiri ya malonda amawerengera njira imeneyi pakati pa zitsanzo zoyambirira za kugula kodzitengera wekha ku America.

Johnson & Johnson inabwereranso pamsika ndi mapadi a Modess chapakati pa zaka za m'ma 1920. Mu 1926 inalemba ntchito Lillian Gilbreth, katswiri wa kayendetsedwe ka ntchito m'mafakitale, kuti afunse amayi eniake zimene akufuna. Anasonkhanitsa mayankho oposa 1,000, ambiri ochokera kwa atsikana a m'makoleji. Anapeza kuti mapadi anali aakulu mopitirira, moti amayi ankawadula ndi sizasi kapena kuchotsako zina za mkati asanavale, ndiponso kuti mabokosi aakulu odziwika patali ankawachititsa manyazi panjira. Mu 1928 malonda a Modess anayamba kukhala ndi kakuponi kodula m'magazini. Pakapepalako panalembedwa pempho la bokosi limodzi, ndipo mayi ankangopatsira wogulitsa mwakachetechete.

Ine nkhani ya kakuponi imandikhudza chifukwa ndinaionapo ndi maso, m'mtundu wina. Tsiku lina pagolosale ya kwathu mtsikana wovala yunifolomu anaima pambali, akudikira kuti abambo awiri ogula mayunitsi achoke. Atachoka analoza pashelefu ndi chala, osatchula dzina. Wogulitsa anatsitsa paketi, n'kuikulunga m'nyuzipepala yakale asanapemphedwe, n'kuiponya m'jumbo yakuda. Onse awiri ankadziwa zochita, ndipo palibe anayankhula.

Lamba wa m'chiuno

Amene anakula mapadi ali kale ndi zomatira amadabwa akaona lamba m'zithunzi zakalezi. Padi yakale inalibe guluu. Inali yaitali, yokhuthala, yokhala ndi michira iwiri ya nsalu yopyapyala, wina kutsogolo wina kumbuyo. Mayi ankavala lamba wopyapyala wa lasitiki m'chiuno, mkati mwa zovala zonse. Palambapo pankalendewera timalamba tiwiri tokhala ndi mapini kapena tizitsulo ta mano, ndipo michira ija ankaikoleka pamenepo. Amene anaonapo nyanda yomangirira pachingwe cha m'chiuno sangavutike kumvetsa, chifukwa nzeru yake ndi yomweyo. Mavuto ake analinso odziwika: padi inkasuntha poyenda, inkapotokola, kachitsulo ka kumbuyo kankakanda khungu, ndipo lamba ankaonekera pa diresi yothina.

Mmodzi mwa anthu amene anayesa kukonza lambayu anali Mary Beatrice Davidson Kenner, mayi wachikuda wobadwira ku North Carolina mu 1912. Mu 1956 analandira chiphaso cha boma chotsimikiza kuti ndi mwini luso la lamba wotha kukulitsa kapena kuchepetsa, ndipo pambuyo pake anawonjezera kathumba kosalowa madzi kogwira padi. Malinga ndi zimene iye mwini anafotokoza, kampani ina inachita chidwi ndi lusolo, koma nthumwi yake itafika n'kuona kuti ndi munthu wakuda, chidwicho chinathera pomwepo. Sanapindule nalo luso lakelo.

Lamba anayamba kutha pamene Stayfree inatulutsa mapadi omata pa kabudula wamkati mu 1969, Kotex n'kutsatira ndi New Freedom kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pofika m'ma 1980 malamba anali atasowa m'masitolo ambiri.

Mawu awiri obisa nkhani ya kulera

Tsopano tibwerere ku Lysol, chifukwa apa ndi pamene pagona chisokonezo chachikulu. Malonda aja ankagwiritsa ntchito mawu akuti feminine hygiene, kutanthauza ukhondo wa amayi. Lero mawuwa amaimira mapadi ndi zina za msambo. Koma m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 amayi ambiri a pabanja ankawamva mwina: ankadziwa kuti akunena za kupewa mimba.

Chinachititsa ndi lamulo. Mu 1873 nyumba ya malamulo ya ku America inakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la Comstock, loletsa kutumiza papositi zipangizo zolerera kapena uthenga wofotokoza za kulera. Zigawo zambiri zinawonjezera malamulo awoawo. Kampani sikanatha kulemba pabotolo kuti mankhwala ake amateteza mimba. Koma palibe lamulo linkaletsa kugulitsa mankhwala opha majeremusi. Choncho malonda ankanena za "majeremusi", za fungo, za mantha a mkazi wokwatiwa ndi za kalendala, ndipo wowerenga ankadzazira yekha zotsalazo. Zili ngati mmene akuluakulu amayankhulira mokuluwika pali ana, kuti womva amve, wosamva adutse.

Njira yake inkatchedwa douching, kutanthauza kupopera madzi osakaniza ndi mankhwala m'njira yoberekera. M'sitolo momwemo munkagulitsidwa chipangizo chake: thumba la labala lofanana ndi botolo la madzi otentha, paipi yaitali, ndi kamphuno kolowetsa, kapena kampira kofinya ndi dzanja. Mayi ankasungunula Lysol pang'ono m'madzi n'kudzitsuka atangomaliza kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Wopikisana naye wamkulu anali Zonite, amene mphamvu yake inali ya mtundu wa mankhwala oyeretsera zovala, koma wosungunuka kwambiri. Wolemba mbiri Andrea Tone anapeza kuti kuyambira cha m'ma 1940 mpaka pamene mapilitsi olerera anavomerezedwa mu 1960, kudzitsuka kotereku kunali njira yolerera yofala kuposa zonse pakati pa amayi a ku America.

Kodi inkagwira ntchito? Kwenikweni ayi. Mbewu ya abambo imalowa pakhomo la chiberekero m'mphindi zochepa chabe, ndiye pamene mayi akudzuka kukasakaniza mankhwala, zina zapita kale kumene madziwo sangafike. Kafukufuku wina wa mu 1933 anapeza kuti pa amayi 507 amene ankadalira njirayi, pafupifupi theka anatenga pakati.

Kuopsa kwake ndiye kunali kwenikweni. Lysol wa nthawi imeneyo anali ndi cresol, mankhwala ochokera ku phula la malasha amene amawotcha khungu, ndipo anachotsedwamo mu 1952. Mayi akachulutsa muyezo, poganiza kuti akakhala wamphamvu ndiye agwira bwino, ankapsa mkati. Pofika 1911 madokotala anali atalemba kale za anthu 193 amene anavulazidwa ndi poizoni wa Lysol, ndi imfa zisanu zobwera chifukwa chotsukira chiberekero. Amayi ena othedwa nzeru ankamugwiritsa ntchito pofuna kuchotsa mimba, ndipo ena impso zinasiya kugwira ntchito n'kumwalira.

Palinso vuto lina limene silidalira ukali wa mankhwala. Njira yoberekera imadziyeretsa yokha. Muli mabakiteriya abwino otchedwa Lactobacillus, a banja limodzi ndi amene amasasitsa mkaka kukhala chambiko. Amenewa amatulutsa asidi wochepa amene amalepheretsa tizilombo toyambitsa matenda kuswana. Kutsuka mkati, kaya ndi Lysol, viniga, sopo kapena mankhwala onunkhiritsa, kumakokolola alonda amenewa. Tizilombo toipa timapeza malo, fungo limene mayi amafuna kuthetsa limabwera lochuluka, ndipo madziwo akhoza kukankhira matenda kumtunda, kuchiberekero ndi m'machubu. N'chifukwa chake madokotala a amayi lero amalangiza kusamba kunja kokha ndi madzi oyera. Uphungu umenewu ukukhudzanso ife, popeza mankhwala otsukira ndi oika kumaliseche akutsatsidwa kwambiri pa intaneti masiku ano.

Anthu amaweruza mosiyana nkhani ya Lysol. Ena amaona makampani amene anapezerapo mwayi pa mantha a amayi, n'kuwauza kuti mwamuna akazizira mlandu ndi wawo. Ena amakumbutsa kuti mayi wa ana asanu ndi mmodzi wopanda ndalama yoonera dokotala analibe kwina kolowera: botolo la Lysol linali lotsika mtengo, losafuna kalata ya dokotala, ndipo ankatha kuligula ngati sopo wa m'nyumba popanda womufunsa. Khoti lalikulu la dzikolo linachotsa chiletso cha kulera kwa anthu apabanja mu 1965, pa mlandu wa Griswold.

Botolo la Lydia Pinkham

Pashelefu yomweyo panali mankhwala akumwa a "madandaulo a amayi", mawu ophimba chilichonse kuyambira cham'mimba mpaka kusintha kwa thupi posiya kusamba. Otchuka kuposa onse anali Vegetable Compound ya Lydia Pinkham wa ku Lynn, Massachusetts, imene inayamba kugulitsidwa mu 1875. Munali mizu ndi zitsamba, komanso mowa pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse, kuposa vinyo. Nkhope ya mayi Pinkham inali pabotolo lililonse, ndipo amayi ankalimbikitsidwa kuwalembera makalata ofotokoza mavuto awo. Iwo anamwalira mu 1883, koma mayankho anapitirira kutuluka m'dzina la Mrs. Pinkham, mpaka magazini ya Ladies' Home Journal inasindikiza chithunzi cha manda awo mu 1905. Chaka chotsatira, lamulo la Pure Food and Drug Act linakakamiza opanga mankhwala kulemba pabotolo kuchuluka kwa mowa ndi zina zoledzeretsa. Komabe timabuku ta kampaniyi tinali malo amodzi mwa ochepa kumene mayi wamba ankawerengako za thupi lake m'mawu osavuta.

Tamponi, kapu, ndi chaka cha 1980

Tamponi ndi thonje lopanikizidwa ngati kachala, lokhala ndi chingwe chokokera, limene limalowetsedwa mkati kuti limwe magazi asanatuluke. Dokotala Earle Haas wa ku Denver anapempha chiphaso cha luso la tamponi yokhala ndi kachubu ka katoni kolowetsera mu 1931, n'kuchilandira mu 1933. Anagulitsa lusolo kwa mayi wabizinesi Gertrude Tendrich pa madola 32,000, ndipo tamponiyo, yotchedwa Tampax, inafika m'masitolo ambiri mu 1936. Makolo ena ndi atsogoleri ena a mipingo ankaopa kuti ichotsa unamwali wa atsikana. Nkhondo yachiwiri ndi imene inaikankhira patsogolo, amayi atalowa m'mafakitale kumene lamba ndi padi yokhuthala zinkasokoneza ntchito.

Kapu ya msambo, imene ambiri amaiyesa yatsopano, ndi yakale chimodzimodzi. Leona Chalmers analandira chiphaso chake mu 1937. Inali ya labala yolimba, ndipo kusowa kwa labala pa nthawi ya nkhondo kunaimitsa ntchito yopanga. Inabweranso ndi dzina la Tassette chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma amayi ambiri sanafune chinthu chochapa pamene zotaya zinalipo. Yofewa ya silikoni imene mabungwe ena amagawa m'masukulu lero inayamba kufala zaka za m'ma 2000.

Ngozi yaikulu inabwera ndi mpikisano wofuna tamponi yomwa magazi kwambiri. Kampani ya Procter & Gamble inatulutsa Rely, imene inayamba kuyesedwa pamsika chapakati pa zaka za m'ma 1970. M'malo mwa thonje munali tizidutswa ta siponji ya poliyesitala ndi mankhwala otupa ngati phala akakhudza madzi. Inkamwa kwambiri moti amayi ena ankakhala nayo usiku wonse ndi kupitirira. Mu 1980 bungwe loona za matenda la CDC linayamba kulandira malipoti a atsikana ndi amayi athanzi amene ankadwala mwadzidzidzi ali kumwezi: kutentha thupi kwambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, zidzolo zofiira thupi lonse, kuthamanga kwa magazi kutsika, kenako khungu la m'manja ndi kumapazi kusupuka. Matendawa amatchedwa toxic shock syndrome. Amayamba pamene bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, amene anthu ambiri amakhala naye pathupi popanda vuto, apeza malo abwino oswanirana n'kutulutsa poizoni wolowa m'magazi. Tamponi yomwa kwambiri, yokhalitsa mkati, imapereka malo oterowo. M'chaka chimenecho chokha, odwala okhudzana ndi msambo oposa 800 analembedwa, ndipo 38 anamwalira. Rely inachotsedwa m'masitolo mu Seputembala 1980.

Funso limene anthu anafunsa linali lakuti katundu wotere analoledwa bwanji. Yankho lili m'kalendala ya malamulo: bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linapatsidwa mphamvu zokwanira zoyang'anira zipangizo za chipatala, kuphatikizapo matamponi, mu 1976, Rely ili kale pamsika. Chenjezo la matendawa linakhala lokakamiza pamapaketi mu 1982, ndipo pofika 1990 makampani onse anayenera kugwiritsa ntchito muyezo umodzi wosonyeza mphamvu ya kumwa kwa tamponi. Malangizo aja amene mumawapeza pakapepala ka m'bokosi, akuti musinthe pakadutsa maola 4 mpaka 8 ndipo musankhe yomwa pang'ono yokwanira tsikulo, anachokera ku maliro a chaka chimenecho.

Zotsalira zake lero

Mabokosi akale a Kotex ndi Modess, malamba osatsegulidwa ndi mabotolo a Pinkham tsopano ndi katundu wa osonkhanitsa zakale, ndipo ena amasungidwa kunyumba yosungira mbiri ya Smithsonian ku Washington. Ndi zoyang'ana chabe. Labala yake inauma, thonje lake si laukhondo, ndipo mankhwala otsalira m'mabotolo akhoza kukhala poizoni.

Chimene chinatenga nthawi yaitali kusintha ndi mawu. Malonda a mapadi ndi matamponi sankaloledwa pa wailesi yakanema ku America mpaka 1972. Mawu enieni a Chingelezi otchula msambo anamveka koyamba pamalonda a pakanema mu 1985, kuchokera pakamwa pa wazisudzo Courteney Cox akutsatsa Tampax. Kwa zaka zambiri pambuyo pake otsatsa ankathira madzi a buluu papadi posonyeza mmene imamwera, ndipo ku Britain madzi ofiira anaoneka koyamba pamalonda a Bodyform mu 2017. Kuno kwathu nkhani imene inafika ku Nyumba ya Malamulo inali ya mtengo, ija inkavutitsa mayi wa masenti 60: mu 2022 boma la Malawi linachotsa ina mwa misonkho ya mapadi, patadutsa zaka 18 kuchokera pamene Kenya inachotsa msonkho wa VAT pa katundu yemweyu mu 2004.